Fumbi la ku Ntaja ndi Sefa ya Mpikisano

Mwezi wa Okotobala ukafika kuno ku Ntaja, munthu sachita kuuzidwa kuti chilimwe chafika pachimake. Mukangosiya msewu wa phula wochokera ku Liwonde ndi kulowa wa dothi wopita ku Nayuchi, fumbi limakulandirani ndi manja awiri. Ife anthu timatseka mphuno ndi kansalu. Nanga galimoto, imene imapuma mpweya womwewo, imatseka ndi chiyani?

Funso limeneli linandifikira tsiku lina pamene mnyamata amene ndinamphunzitsa sayansi mu Folomu 4 anandikodola pa siteji. Iyeyu amayendetsa kagalimoto ka mtundu wa Toyota Sienta kamene anagula pa ngongole. Anatsegula boneti monyadira nati, "Aphunzitsi, taonani. Ndachotsa sefa ya pepala ija, ndaika ya mpikisano. Tamvani m'mene injini ikulirira!" Sefayo inali yofiira, yooneka ngati kamtondo, yopanda dzina la oipanga. Wogulitsa wa mu mzinda anamuuza kuti idzawonjezera mphamvu ndi kupulumutsa petulo.

Tiyeni tiyambe ndi masamu. Kuti petulo wolemera kilogalamu 1 apse bwino, injini imafuna mpweya wolemera makilogalamu 14.7. Tingatinso lita imodzi ya petulo imadya mpweya wokwana malita pafupifupi 9,000, ndipo wonsewo umadzera pa sefa. M'fumbi la m'misewu yathu muli timchenga tolimba kwambiri. Timeneti tikalowa mu injini timasakanikirana ndi oilo, n'kumapala makoma a silinda ndi mphete za pisitoni monga momwe sandipepa amapalira thabwa. Mapeto ake ndi utsi wabuluu, kumwa oilo ndi kufooka pa chitunda.

Sefa ya mpikisano ili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1969, ku California m'dziko la America, a Ken Johnson ndi a Norm McDonald, akatswiri a njinga zamoto, anayambitsa kampani ya K&N. Sefa yawo ndi ya nsalu ya thonje yogwidwa ndi waya, yopakidwa mafuta apadera okola fumbi. Ubwino wake ndi wakuti mpweya umadutsa mosavuta, ndipo ikada imachapidwa ndi kubwezeredwa. Masiku ano pali zambirimbiri zongotsanzira maonekedwe ake. Koma tikumbukire kuti wa mpikisano amafuna kupambana lero, ndipo injini yake amaiphwasula kawirikawiri. Wa matola amafuna injini imene idzamufikitse pa tsiku lomaliza kubweza ngongole.

Kodi petulo amapulumukadi? Galimoto za makono zili ndi kompyuta imene imayeza mpweya wolowa ndi kupereka petulo wolingana nawo. Mpweya ukachuluka, petulo nayenso amachuluka. M'chaka cha 2009 akatswiri a ku Oak Ridge National Laboratory, ku America komweko, anayesa galimoto zingapo atatseka sefa zake mwadala. Anapeza kuti pa galimoto za kompyuta kamwedwe ka petulo sikanasinthe kwenikweni. Chimene chinachepa ndi changu ponyamuka. Kusintha kunaoneka pa galimoto yakale ya kabureta. Tsono ngati sefa yotsekeka siwonjezera kamwedwe, yotseguka ingakachepetse bwanji?

Nanga mphamvu? Sefa imachepetsa mpweya pokhapokha woyendetsa ataponda moto mpaka pansi. Pa kayendetsedwe ka masiku onse, chimene chimapanikiza mpweya ndi kachitseko kolamulidwa ndi phazi lanu. Ndani angaponde mpaka pansi m'mabampu a ku Nayuchi, atanyamula anthu ndi matumba a mpunga? Kuwonjezera apo, sefa ya kamtondo ikakhala poyera pafupi ndi injini imakoka mpweya wotentha, umene ndi wopepuka, ndipo mphamvu imatsika m'malo mokwera. Chimene chimakula ndi phokoso, ndipo khutu limanyenga mwini wake.

Palinso vuto la kasamalidwe. Mafuta akachepa pa nsalu ija, fumbi limangodutsa. Akachuluka, angathe kudetsa kachipangizo koyeza mpweya, injini n'kuyamba kutsamwa. Oilo wa injini, amene ambiri amathamangira, sindiye wofunika pamenepo.

Zonsezi sindinamuuze mnyamata uja nthawi imodzi. Ndinangompempha kuti amasule sefayo ndi kupisa chala m'paipi yopita ku injini. Chala chinatuluka chili katondo yekhayekha. Anachiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Aphunzitsi, zonsezi zalowa m'kati?" Ndinamuyankha kuti zimene zili pa chala ndi zotsala chabe. Mwamwayi bokosi la sefa yakale anali asanataye, ndipo tsiku lomwelo analibwezera.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mwayamba ntchito ya matola kapena ya kabaza, malangizo anga ndi awa. Gwiritsani ntchito sefa ya mtundu umene opanga galimoto kapena njinga yanu anaika. M'chilimwe muziiona kawirikawiri, ndipo ikatsekeka gulani ina. Sefa ya pepala musaichape ndi madzi, ndiponso musaipope ndi mpweya wamphamvu, chifukwa imabooka timabowo tosaoneka ndi maso. Onetsetsani kuti labala wa m'mphepete wakhala bwino, pakuti fumbi limadzera pamene pali mpata. Mtengo wa sefa ndi wochepa poyerekeza ndi wokonzetsa injini, osawerengera masiku amene mudzakhale osagwira ntchito ngongole ikudikira.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Aphunzitsi anzanga, nkhani imeneyi ndi phunziro labwino la sayansi: tengani sefa yakale, ana aigwedeze pa pepala loyera, adzionere okha. Sabata ya mawa tidzakambirana za oilo ndi nthawi yoyenera kumusintha.