Mkulu wa ku Canada Amene Anakumbukira Khasu

Alimi anzanga, pomvera za ulimi pa wailesi mudziweko za Bambo George Atkins. Iwowa anali mlimi ku Canada, kenaka muulutsi wa nkhani za alimi pa wailesi ya CBC. M'chaka cha 1975 anadza ku Zambia kumsonkhano wa aulutsi. Ali m'basi, mnzawo wa ku Sierra Leone anawauza kuti akukonza zoulutsa za mapulagi a thirakitala. Ha! Thirakitala, pamene omvera ake ambiri amalima ndi khasu! Kanthuka kanawakhala mumtima Bambo Atkins. Tsono mu 1979 anayamba kutumiza makaseti ndi mapepala kwa aulutsi 34 m'maiko 26, kufotokoza njira zosalira ndalama zambiri, zimene mlimi wamng'ono angathe ndi manja ake. Anamwalira mu 2009, koma bungwe lawolo, Farm Radio International, likugwirabe ntchito mu Africa.