Kupeta golide ku Sovereign Hill, tauni yakale yomwe anaimanganso

Pamalo oimika galimoto ku Sovereign Hill, mumzinda wa Ballarat ku Australia, sipalephera kupezeka zigalimoto zoyera, zazitali, zokhala ndi makatani m'mawindo. Mkati mwake muli bedi, mbaula ya gasi ndi firiji, ndipo zina zili ndi bafa ndi chimbudzi chomwe. Kumeneko amazitcha motorhome. Ambiri mwa eni ake ndi achikulire opuma pantchito, omwe amatseka nyumba n'kumazungulira dziko miyezi yathunthu, moti anawapatsa dzina lakuti grey nomads chifukwa cha imvi zawo. Ena ndi alendo ochita kubwereka galimoto ku Melbourne kukampani monga Britz, Maui kapena Apollo. Chiphaso wamba choyendetsera galimoto chimakwanira bola chigalimotocho chisapyole matani 4.5, ndipo amayenda kumanzere kwa msewu ngati kuno kwathu.

Kuchokera ku Melbourne ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 115 pa msewu wa Western Freeway, ulendo wa ola limodzi ndi theka. Munthu akangodutsa pachipata, phula limathera pomwepo. Kutsogolo kuli msewu wafumbi, nyumba zamatabwa, utsi wa nkhuni, mahatchi akukoka ngolo, ndi amayi ovala madiresi okwekwereza pansi.

Tauniyi anachita kuimanganso. Inatsegulidwa pa 29 Novembala 1970, pamalo a mahekitala 25 m'dera la Golden Point, pomwe kale panali migodi yeniyeni. Nyumba zake, zomwe ndi zoposa 60, anazimanga potengera zithunzi zakale ndi zojambula za akatswiri monga S. T. Gill, yemwe ankayendayenda m'migodi akujambula zomwe ankaona. Cholinga chinali kuonetsa zaka khumi zoyambirira kuchokera pomwe golide anapezeka ku Ballarat mu Ogasiti 1851. Mbiri itamveka, abusa anasiya nkhosa, akalaliki anatseka maofesi, amalinyero anathawa sitima padoko la Melbourne. Chigawo cha Victoria, momwe muli Ballarat, chinali ndi anthu pafupifupi 77,000 mu 1851, koma pofika 1861 anali atapyola 500,000.

Pomwe pamadzaza anthu kwambiri ndi pakamtsinje. Agogo ndi zidzukulu amanjuta m'matope, aliyense ndi fosholo ndi beseni lachitsulo. Ogwira ntchito pamalopo amathira golide weniweni m'madzimo, ndipo sabisa. Yemwe wapeza kachidutswa amatenga n'kukasunga m'kabotolo. Luso lake silisiyana kwenikweni ndi kupeta mpunga ndi lichero: kugwedeza, kupendeketsa, kutaya zopepuka. Golide amalemera kuposa madzi maulendo 19, ndiye amamira pansi pa beseni pamene mchenga ndi nsangalabwi zikukokoloka. Yemwe anaonapo okumba golide ku Makanjira m'boma la Mangochi sangadabwe ndi kagwiridwe ka manjaka. Pakatha theka la ola msana umayamba kudandaula, zala zitauma ndi kuzizira, ndipo m'beseni mumangonyezimira timadontho tiwiri kapena titatu. Okumba a 1851 ankachita zimenezi kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Kumtunda pang'ono, m'chipinda chotentha, mmisiri amasungunula golide wolemera makilogalamu atatu anthu akuonerera. Golide amasungunuka pa madigiri 1,064. Amamuthira m'chikombole akuyaka ngati moto, kenako amamuviika m'madzi, ndipo pasanapite nthawi wauma, n'kutheka kumugwira ndi manja. Pansi panthaka, mu Red Hill Mine, alendo amaona chifanizo cha Welcome Nugget, chibuluma cha makilogalamu pafupifupi 69 chomwe amuna 22 ochokera ku Cornwall anachipeza ku Bakery Hill pa 9 Juni 1858.

Za mumsewu waukulu n'zambiri: wosula zitsulo, wopanga magudumu a ngolo, woviika makandulo, ndi maswiti ofiira a rasipiberi omwe pafupifupi mlendo aliyense amatuluka nawo m'botolo. Ana asukulu amabwera kudzakhala masiku awiri atavala zovala zakale, akulemba pasileti pamaso pa mphunzitsi wosaseka.

Koma gawo lomwe limapatsa ulemu malowa ndi sewero lachidule lomwe limachitikira kumahema. Wapolisi wovala yunifolomu yakale amatulukira mwadzidzidzi n'kuyamba kufunsa okumba chiphaso. Wina amathawa, wina amagwidwa, ana amaseka. Nkhani yomwe ili kuseri kwa seweroli ndi yolemera.

Boma la nthawiyo linalamula kuti wokumba aliyense azigula chiphaso, poyamba pamtengo wa masheleni 30 pamwezi, kaya wapeza golide kaya wabwerako chimanjamanja. Chiphasocho chimayenera kukhala m'thumba nthawi zonse, ngakhale munthu ali m'dzenje lodzaza madzi. Wopezeka alibe ankamangiriridwa ndi unyolo kuchipika podikira chindapusa, ndipo gawo la chindapusacho linkapita kwa wapolisi yemwe wamugwira. Okumba ankachenjezana pokuwa kuti "Joe! Joe!" apolisi akamabwera. Ovota sanali iwo, malo ogula kuti azilima sankawapeza, komabe msonkho unkawagwera mwezi ndi mwezi. Mu 1854 bwanamkubwa watsopano Charles Hotham analamula kuti kusaka opanda ziphaso kuzichitika kawiri pamlungu. M'mwezi wa Okutobala wokumba wina, James Scobie, anaphedwa pafupi ndi Eureka Hotel, ndipo khoti litamasula mwini hoteloyo, James Bentley, khamu la anthu linaitentha.

Kumapeto kwa Novembala okumba anawotcha ziphaso zawo, nakweza mbendera ya buluu yokhala ndi nyenyezi zisanu, nasankha Peter Lalor wa ku Ireland kukhala mtsogoleri, n'kumanga linga la matabwa ndi ngolo. Lamulungu pa 3 Disembala 1854, kusanache, asilikali ndi apolisi analizinga. Nkhondoyo sinatenge ndi theka la ola lomwe. Okumba osachepera 22 anafa, pamodzi ndi asilikali angapo, ndipo Lalor anaduka mkono.

Anagonja pabwalo lankhondo koma anapambana kukhoti. Amuna 13 anazengedwa mlandu woukira boma ku Melbourne, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezeka wolakwa. Woyamba kuima m'khoti anali John Joseph, munthu wakuda wochokera ku America, yemwe akazembe a dziko lake sanamuthandize pomwe ankathandiza anzake achizungu. Atamasulidwa, khamu linamunyamula pampando n'kumuzungulitsa m'misewu. Mu 1855 chiphaso chodedwacho chinathetsedwa, m'malo mwake munabwera Miner's Right ya paundi imodzi pachaka, yomwe inkapatsanso mwini wake ufulu wovota. Lalor analowa m'Nyumba ya Malamulo chaka chomwecho, ndipo mu 1880 anakhala sipikala. Mbendera ija, yong'ambika m'mbali, ili ku Eureka Centre, makilomita ochepa kuchokera ku Sovereign Hill, ndipo woyendetsa motorhome yemwe angailambalale wataya theka la nkhani.

Pali zina zomwe tauni yomangidwanso singathe kuzibwezeretsa, ndipo mlendo ayenera kuzikumbukira yekha. Fungo la zimbudzi ndi nyama yowola mulibe. Kamwazi ndi tayifodi, zomwe zinkapulula makanda m'mahema chifukwa cha madzi oipa, sizingaseweredwe pamaso pa ana odya maswiti. Dzikolo linali la anthu a mtundu wa Wadawurrung kwa zaka masauzande ambiri. Nkhosa za atsamunda zinali zitawalanda kale malo m'zaka za m'ma 1830, ndipo okumba anadzamaliza ndi kudula mitengo ndi kudetsa mitsinje. Ena mwa anthu a mtundu wa Wadawurrung ankagulitsa zofunda za zikopa kwa okumba ndi kuwalondolera njira. Masiku ano Sovereign Hill imayesetsa kunena mbiriyi, makamaka m'chionetsero chausiku cha magetsi ndi mawu chotchedwa AURA, chomwe chinayamba mu 2019. Ndi bwino kuti akutero, ngakhale zinachedwa.

Msasa wa Matchaina, wokhala ndi kachisi wake wamng'ono, uli chakumbali, monga momwe zinalili kale. Mu 1855 Victoria inaika msonkho wa mapaundi 10 pa Mtchaina aliyense wotsika pamadoko ake, msonkho womwe mtundu wina uliwonse sunkalipira. Pouzemba, sitima zinayamba kuwatsitsira ku Robe, m'chigawo cha South Australia, ndipo anthu oposa 16,000 anayenda wapansi makilomita pafupifupi 400 kukafika kumigodi, katundu ali pamitengo yopingasa pamapewa. Gulu lina linapeza golide panjira mu 1857, pomwe pano pali tauni ya Ararat. Boma la Victoria linapepesa chifukwa cha msonkhowu mu Meyi 2017. Mtunda wochokera ku Robe uja motorhome imaudula tsiku limodzi.

Apa ndi pomwe galimoto yogonamo imaonetsa phindu lake. Wobwera pabasi amabwerera ku Melbourne madzulo omwewo, pomwe wa motorhome amakagona kumalo osungira makalavani, n'kulumikiza chingwe chamagetsi kuti chotenthetsera chiyake, poti Ballarat ali pamtunda ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana. M'mawa amadzaza thanki, amakhuthula madzi akuda pamalo ovomerezeka, n'kulowera kumpoto komwe kuli matauni enieni a golide. Oyendetsa odziwa amapewa kuyenda chisisira, nthawi yomwe makangaru amadumphira mumsewu.

Ku Creswick, makilomita osakwana 20 kuchokera ku Ballarat, kuli malo a mgodi wa New Australasian, momwe madzi anasefukira pa 12 Disembala 1882 n'kupha amuna 22. Ku Clunes msewu waukulu udakali ndi nyumba zake zakale. Ku Moliagul kuli chipilala pomwe John Deason ndi Richard Oates anafukula chibuluma cha golide chotchedwa Welcome Stranger mu Febuluwale 1869, pafupi ndi mizu ya mtengo, masentimita ochepa chabe pansi panthaka. Chinali chachikulu moti sikelo ya banki ya ku Dunolly inalephera kuchiyeza, mpaka anachiphwanya kaye kwa wosula zitsulo. Ku Bendigo, m'manda a White Hills, ndi komwe kunaikidwa John Joseph mu 1858 popanda chizindikiro chilichonse, mpaka mu 2023 pomwe kazembe wa America, Caroline Kennedy, anakavundukula mwala wa chikumbutso chake.

M'nkhalango za pakati pa matauniwa mumapezekabe ma motorhome ataima pamthunzi, eni ake akuyenda pang'onopang'ono ndi makina ofufuzira zitsulo, mahedifoni ali m'makutu. Lamulo la Victoria limafuna kuti aliyense wa iwo akhale ndi Miner's Right, yomwe masiku ano imagulidwa pa intaneti ndipo imagwira ntchito zaka khumi.