Mkati mwa kompyuta muli chiyani?

Ku Zomba makompyuta amasenza ntchito yaikulu ku University of Malawi, ku National Statistical Office ndi ku MANEB. Komabe ambiri owagwiritsa ntchito sanasuzumirepo mkati mwake. Lero ndikutsegulireni bokosi la kompyuta.

Choyamba kuoneka ndi motherboard, bolodi yaikulu yolumikiza zipangizo zonse. Pamenepo pamakhala purosesa, kawirikawiri ya Intel kapena AMD, yomwe imatha kuchita masamu mabiliyoni pa sekondi imodzi. Imatentha kwambiri, n'chifukwa chake imavundikiridwa ndi chitsulo chotulutsa kutentha komanso fani. Fumbi la mu Okutobala likadzaza faniyo, kompyuta imayamba ulesi kapena kuzima yokha.

Pambali pa purosesayo pali RAM. Iyi ili ngati lichero: imangogwira zimene mukupeta panthawiyo. Magetsi akathima, zonse zomwe simunaseve zimapita. Zosevedwa zimakhala mu hard disk kapena SSD.

Pakona pali power supply, yomwe imatsitsa magetsi a mavolti 230 kufika pa 12, 5 ndi 3.3.

Okhala kumtunda kuphiri la Zomba asamale ndi chinyezi cha nkhungu, chimadyetsa dzimbiri polumikizira. Musanatsegule bokosilo, zulani kaye pulagi.