Kubwezera tsitsi labulichi mwakale: geni yofuna kudekha

Bulichi amayenda malonda m'mbali mwa nyanja ku Salima nyengo ya zisangalalo ikafika. Kukakhala maphwando a oimba kumchenga, monga Sand Music Festival yomwe yachitikapo kangapo ku Senga Bay, komanso pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, anyamata ndi atsikana amafuna mitu yachikasu yoonekera patali.

Chisangalalo chikatha, mutu womwewo umayenera kukaonekera kusukulu, kutchalitchi, kwa apongozi kapena kofunsira ntchito. Apa kasitomala amabwerera kusaluni, kometera kapena kuokala ndi pempho limodzi: tsitsi libwerere mwakale.

Pempholi lili ndi ndalama, koma lilinso ndi msampha. Wamalonda amene angotola paketi ya dayi wakuda n'kupatsa kasitomala akhoza kupeza phindu la tsiku limodzi n'kutaya munthuyo mpaka kalekale.

Chifukwa chake dayi mmodzi sakwanira

Bulichi sapaka mtundu patsitsi. Iye amaphwanya mtundu wachibadwa umene uli m'kati mwa tsitsilo, ndipo ukaphwanyika subwereranso. Tsitsi lakuda likamayera limadutsa m'magawo: limayamba laderako, kenako lifiira, kenako lioneka ngati lalanje, pomaliza lachikasu.

Izi zikutanthauza kuti pansi pa tsitsi lakuda moderako, lomwe anthu ambiri kuno amabadwa nalo, pamakhala kufiira kobisika. Dayi wabulawuni amapangidwa poyembekezera kuti kufiirako akakupeza. Akapanda kukupeza, mtundu umatuluka wotuwa ngati matope, nthawi zina wobiriwira, makamaka ngati paketiyo yalembedwa mawu oti "ash".

Vuto lachiwiri n'lakuti tsitsi lodyedwa ndi bulichi limasanduka ngati chinkhupule. Limamwa dayi msangamsanga, n'kumulavulanso msanga. Kasitomala amatuluka m'saluni mutu uli bii, koma akausambitsa kangapo chikasu chimayamba kusuzumira. Akatero saimba mlandu tsitsi lake ayi, amaimba mlandu amene anamugulitsa dayi.

Kuyesa kusanayambe ntchito

Mwini saluni wosamala amayamba wanyowetsa tsitsi pang'ono n'kulikoka. Likatamuka ngati chingamu osabwerera, kapena likaduka, ndiye kuti lapsa ndipo silingapirirenso mankhwala ena. Pamenepo mankhwala ake ndi lumo basi.

Ayeneranso kufunsa zomwe zinapakidwapo kale. Tsitsi la bulichi siliyenera kuwongoledwa ndi rilakisa, chifukwa mankhwala awiriwa akakumana tsitsi limayoyoka. Madayi ena akuda a ufa ndi hena wosakanizidwa amakhala ndi zitsulo zomwe sizigwirizana ndi peroxide, moti tsitsi limatha kutentha ndi kuthothoka. Safunsa anadya phula.

Kuyesa kwachitatu n'kwa pakhungu. Madayi ambiri akuda ndi oderako amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, omwe anthu ena thupi lawo limawakana. N'chifukwa chake mapaketi amalangiza kupaka pang'ono kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono n'kudikira maola 48. Pakatuluka kuyabwa, zotupa kapena matuza, dayiyo asapakidwe. Munthu akatupa nkhope kapena kubanika atapaka dayi, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Masiku awiri odikirawo si kutaya kasitomala. Wamalonda akhoza kulandiriratu gawo la ndalama n'kulemba tsiku lobwerera.

Ntchito ya magawo awiri

Gawo loyamba ndi kubwezera kufiira kumene bulichi anachotsa. Tsitsi lachikasu limapakidwa kaye dayi wofiira kapena wofiirira ngati waya wa kopa, makamaka wamtundu wosalowerera kwambiri. Kasitomala ayenera kuuzidwiratu kuti mutu ufiira kaye, kuopa kuti angadzidzimuke pagalasi n'kuyamba mkangano.

Gawo lachiwiri ndi kupaka mtundu weniweni wofunikawo. Makampani ambiri amalemba manambala pamapaketi: 1 ndi wakuda bii, 3 ndi bulawuni woderako kwambiri, 4 ndi bulawuni wapakatikati. Popeza tsitsi la bulichi limamwa kwambiri, mtundu umatuluka wakuda kuposa wa pachithunzi. Choncho n'kwanzeru kuyamba ndi nambala yopepukirapo, chifukwa kuwonjezera kuda n'kosavuta, pomwe kuchotsa dayi wakuda kumafunanso bulichi.

Peroxide wosakanizira naye ali ndi mphamvu zosiyana. Wa 10 volume ali ndi 3 peresenti, wa 20 ali ndi 6, wa 30 ali ndi 9 ndipo wa 40 ali ndi 12 peresenti. Podetsa tsitsi wa 10 volume ndi wokwanira. Wa 30 ndi 40 ntchito yake ndi kuyeretsa, ndipo pamutu wovulala kale amangowonjezera kupsa. Ngati dayi wabwera ndi botolo lake m'paketi, muyeso ndi mphindi zolembedwa papepala zitsatidwe ndendende.

Asanapake mutu wonse, wodaya ayese pakachigawo kakang'ono kunkhongo. Tsitsi latsopano lomwe lamera kumizu lisiyidwe, chifukwa mtundu wake ndi womwe ukufunidwawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi zina kumeta ndiye yankho

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Kwa mnyamata wa tsitsi lalifupi, njira yachangu ndi yotsika mtengo ndi kumeta lonse lachikasu. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mutu umakhala utabwerera wokha. Ometa amene amanena zoona zotere amataya mtengo wa dayi tsiku limenelo, koma munthuyo amadzametetsa pomwepo mwezi ndi mwezi.

Kwa amayi ndi atsikana a tsitsi lalitali, njira ina ndi kudula nsonga pang'onopang'ono uku akuvala wigi kapena duku. Kuluka mesh n'kotheka, bola isakhale yothina kapena yolemera, chifukwa tsitsi lofooka limaduka pamalire a lakale ndi latsopano.

Pali mutu wina umene sufuna dayi konse. Mwana wamng'ono akayamba kufiira kapena kuyezuka tsitsi, likupyapyala ndi kuthothoka, chikhoza kukhala chizindikiro cha kunyentchera. Mayi wake alangizidwe kupita naye kusikelo kapena kuchipatala, osati kumugulitsa paketi.

Dzuwa la kunyanja ndi malonda otsatira

Salima ndi kotentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Dzuwa ndi kusamba m'nyanja pafupipafupi zimasulutsa dayi msanga. Asodzi, ogula usipa padoko ndi akabaza, omwe amakhala padzuwa tsiku lonse, ndiwo amayamba kudandaula. Sopo wochapira zovala naye amakokolola mtundu ndi kuumitsa tsitsi.

Apa pali malonda ena. Wogulitsa dayi akhalenso ndi shampu wofewa, kondishona, mafuta a m'mutu, zipewa ndi maduku. Kasitomala auzidwe kuti achepetse kusambitsa mutu, aziuphimba padzuwa, ndipo asanalowe m'nyanja azinyowetsa tsitsi ndi madzi abwino n'kupaka mafuta. Auzidwenso poyera kuti mtundu udzasuluka pang'ono ndipo padzafunika kubwereza pakatha milungu ingapo. Zonenedwa poyamba zimakhala malangizo, koma zonenedwa mtundu utasuluka zimamveka ngati kudzikanira.

Kuika mtengo ndi kuoda

Kubwezera tsitsi si ntchito ya mtengo umodzi ndi kudaya wamba. Pamalowa madayi awiri, magolovesi, kondishona, madzi ochuluka ndi nthawi yomwe mpando ukanakhalapo anthu ena. Zonsezi ziwerengedwe, pamodzi ndi utali wa tsitsi, ndipo mtengo unenedwe ntchito isanayambe.

Madayi ndi bulichi ambiri amachokera kunja, choncho mitengo yake imatsatira Kwacha. Ndalamayi itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinaonekeratu kuti wogulitsa pamtengo wakale amalephera kudzaza shelefu yake. Mtengo uziikidwa poona ndalama zomwe zidzafunike pokaoda paketi ina, osati zomwe zinalipidwa pa yomwe ilipo.

Kuchoka ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, ndipo wa ku Senga Bay amawonjezerapo pafupifupi 20. Thiransipoti yotere siyofunika kulipira kawiri. Wokaoda bulichi wa Disembala aoderetu dayi wofiira, wabulawuni ndi peroxide wa 10 volume wa Januwale. Amalonda oyandikana akhoza kusonkherana n'kutuma mmodzi.

Katunduyu asungidwe pamthunzi, wotsekedwa bwino, chifukwa kutentha kumafooketsa peroxide. Dayi wosakaniza kale sasungika. Tsiku lothera ntchito lionedwe pogula, ndipo mankhwala othiridwa m'mabotolo opanda dzina akanidwe ngakhale atchipe bwanji. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi la Competition and Fair Trading Commission amaletsa kugulitsa katundu wotha nthawi, ndipo wopezeka naye amataya mpamba.

Kumadoko ndi pamisika ya ku Salima anthu amadziwana. Mutu wodayidwa bwino umayenda padoko, m'minibasi ndi m'tchalitchi anthu akufunsa kumene unakonzedwa. Mutu wobiriwira nawo amaufunsa chimodzimodzi, ndipo dzina la saluni limatchulidwa.