Culture: Gulu Limene Linatseketsa Masitolo ndi Nyimbo

Ambiri a ife nyimbo za Culture tinazimva tisanadziwe dzina la gululo, kaya m'minibasi kapena pa wailesi ya amalume. Mmodzi amatsogolera ndi mawu okanda pakhosi, awiri n'kumavomera pambuyo monga timachitira mu kwaya. Koma ndi angati amene tikudziwa kuti gululi linatchuka chifukwa cholosera tsiku?

Culture inayamba mu 1976 mumzinda wa Kingston ku Jamaica, ndipo poyamba inkatchedwa African Disciples. Oyimba anali atatu: Joseph Hill, msuweni wake Albert Walker ndi Kenneth Dayes. Hill, amene anabadwira ku Linstead mu 1949, anali ataphunzira kale ntchitoyi ku Studio One, komwe ankaimba ng'oma m'gulu la Soul Defenders. Atatuwa anali achi Rasta, ndipo mawu a nyimbo zawo ankawatenga kwambiri m'mabuku a aneneri ndi Chivumbulutso.

Nthawiyo dziko la Jamaica linali pa moto. Otsatira a Michael Manley ndi a Edward Seaga ankaphana m'makwalala, ndipo mu December 1976 Bob Marley anawomberedwa kunyumba kwake, mwamwayi n'kupulumuka. Mkati mwa mantha amenewa, Culture inajambula nyimbo ya Two Sevens Clash mu situdiyo ya Joe Gibbs, amene ankagwira ntchito ndi katswiri wa makina Errol Thompson. Nyimboyi inatsamira pa ulosi umene anthu ankati anaunena Marcus Garvey, wakuti kudzagwa chipwirikiti manambala a 7 akadzakumana. Tsiku lake linali 7 July 1977, la chisanu ndi chiwiri m'mwezi wa chisanu ndi chiwiri. Litafika, masitolo ndi masukulu ambiri mu Kingston sanatsegule, anthu anabindikira m'nyumba. Dzuwa linalowa popanda chachilendo.

Ulosi unalephera, koma chimbale cha dzina lomwelo chinayenda. Ku Britain chinakondedwa ngakhale ndi achinyamata oimba nyimbo za punk, ndipo mpaka lero chimawerengedwa m'gulu la zimbale zikuluzikulu za roots reggae. Joe Gibbs anatulutsanso Baldhead Bridge mu 1978, koma gululi linali litasamukira kwa mayi Sonia Pottinger, mwini wa High Note. Kumeneko kunatuluka Harder Than the Rest mu 1978, kenako Cumbolo ndi International Herb mu 1979, zimene kampani ya Virgin inazifalitsa kunja. Mu April 1978 anaimbanso pa One Love Peace Concert, pamene Marley anagwiranitsa manja Manley ndi Seaga.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 atatuwa anasiyana. Hill anapitiriza yekha ndi dzinalo, n'kutulutsa Lion Rock mu 1982. Anabwererana mu 1986, koma Dayes anadzachokanso. Zimbale za pambuyo pake ndi monga One Stone ya 1996 ndi World Peace ya 2003. Hill anamwalira pa 19 August 2006 ku Berlin ali pa ulendo wa zoimba, ndipo mwana wake Kenyatta, amene ankayendetsa makina a mawu, ndiye anatenga malo ake.

Nkhani ya 7 July ife siyenera kutiseketsa, chifukwa tinadutsamo. Otsatira a William Miller anadikira Yesu pa 22 October 1844, ena atasiya mbewu m'munda osakolola. Mpingo wathu unabadwa mwa anthu amene anabwerera ku Baibulo atakhumudwa, n'kuphunzira kusaikanso tsiku, monga Mateyu 24:36 akutichenjezera. A ku Kingston nawonso sanali opusa. Anali anthu otopa ndi mfuti ndi umphawi, olakalaka kuti woweruza wolungama afike.

Pali zambiri zimene sitigwirizana nazo. Ife sitilambira Haile Selassie, ndipo chamba chimene nyimbo ya International Herb imatamanda ife timachikana. Komabe Hill anaimba zaka 30 akudzudzula kuponderezana ndi kuphana, pogwiritsa ntchito mavesi omwewo amene timaloweza m'kalasi la Danieli ndi Chivumbulutso. Uthenga wina wa tsiku la mapeto a dziko ukadzafikanso pa WhatsApp, tidzakumbukire 1844 ndi 1977, titsegule Baibulo tisanautumize kwa anzathu.