Ngodya Yozungulira ya Linga la ku Rochester

Pamene ndinali ku England, ndinakwera sitima ku London kupita ku mzinda wa Rochester, ulendo wa mamailosi ngati 30 kulinga kum'mawa. Mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje wa Medway, ndipo munthu asanatsike m'sitima aona kale nsanja yaikulu ya miyala itaima pamwamba pa gombe. Azungu aicha castle. Ine ndidzaicha linga, pakuti nchito yace inali yomweyo ya malinga adothi amene makolo athu anamanga poopa nkhondo ya Angoni.

Cifukwa cocimangira pamenepo cioneka poyera. Mseu wakale wa Aroma wocokera ku Dover kunka ku London uoloka mtsinje pamalo omwewo. Cotero amene agwira ulalo wa Rochester agwiranso njira ya ku mzinda wa mfumu. Khoma lakunja anayamba kulimanga ndi Bishopu Gundulf ca m'ma 1087, ndipo nsanja yapakati anaiyamba ndi William de Corbeil, Bishopu wamkulu wa Canterbury, m'caka ca 1127. Msinkhu wace ndi mapazi 113, ndipo kucindikala kwa makoma ace pansi ndi mapazi 12.

Lero mulibe denga, mulibenso matabwa oponda. Ukaima pansi ndi kuyang'ana kumwamba uona thambo ndi nkhunda basi. Ndinakwera makwerero opota kufikira pamwamba, maondo akudandaula ndithu. Ndinazindikira zinthu ziwiri. Khomo lolowera siliri pansi ai, liri m'mwamba, kuti mdani asalithyole msanga. Ndipo khoma lina lidula nsanja yonse pakati, m'kati mwace muli citsime cimene anthu anali kutungamo madzi ali pa nyumba iri yonse ya m'mwamba, osaturuka kunja.

Koma cimene cinandiimika nthawi yaitali ndi ici: ngodya zitatu za nsanjayo nza mbali zinai, koma yacinai, ya kumwera, njozungulira ngati nkhokwe. Mlendo angaganize kuti mmisiri anaphonya. Iai, ndico cipsera ca nkhondo.

M'caka ca 1215 Mfumu John inakangana ndi akuluakulu a dziko lace. M'mwezi wa June anaikakamiza kubvomera pangano lochedwa Magna Carta, koma posacedwa inalikana, nkhondo nibuka. M'mwezi wa October gulu la opanduka, mtsogoleri wao William d'Aubigny, linalowa m'linga la Rochester kuti litsekere mfumu njira ya ku London. Mfumu inafika ndi ankhondo ace, niononga ulalo kuti thandizo lisaoloke, niimika makina 5 oponya miyala. Khoma lakunja linaboka, koma nsanja sinagwedezeke.

Tsono mfumu inaitana okumba. Iwo anafukula pansi pa ngodya ya kumwera monga acita mnyamata wokumba mbewa, nacotsa miyala ya pamaziko, nacirikiza khoma ndi nsanamira za mitengo kuti lisawagwere. Pa 25 November mfumu inalembera nduna yace Hubert de Burgh kuti atumize msanga nkhumba 40 zonona kwambiri, zosayenera kudya. Ine amene ndakhala zaka zambiri ndikulemba makalata a boma, oitanitsa mapepala ndi njinga, sindinaonepo kalata yoitanitsa katundu wotere. Mafuta a nkhumbazo anali oyatsira moto. Nsanamira zitapsa, ngodya yonse inagumuka.

Ngakhale zinatero, a m'katimo sanagonje. Anathawira kuseri kwa khoma lapakati lija, nakhala m'theka lotsalalo. Madzi anali nao, koma cakudya cinatha, kufikira anadya akavalo ao. Pa 30 November, atazingidwa masabata ngati 7, anatsegula khomo. Mfumu inafuna kuwapacika onse, koma mmodzi wa akazembe ace, Savaric de Mauléon, anaicenjeza kuti adani adzabwezera comweco kwa anthu ace akadzawagwira. Anapacikidwa munthu mmodzi yekha, msilikali wa uta amene kale anatumikira mfumuyo kuyambira ubwana wace.

Ambiri posimba mbiri iyi atama nkhumba zija. Kuona kwanga, nkhumba zinagwetsa ngodya cabe, koma cimene cinagonjetsa linga ndi njala.

Ngodyayo anaimanganso m'masiku a Mfumu Henry III, mwana wa John. Amisiri anali ataphunzira kuti khoma lozungulira livuta kulifukula, ndiponso mwala woponyedwa ungoterereka pamenepo. Sanasamale zoifanizira ndi zinzace zitatu. Potsika ndinazungulira kunja kukaiona bwino, ndipo ndinatha kulondola ndi maso mzere pamene miyala yatsopano ikomana ndi yakale.