Mpingo ndi Mwana Wamasiye: Phunziro Lochokera ku Zomba

Nkhani yathu ya lero ikuchokera m'boma la Zomba, koma funso limene tikufuna kuyankha ndi la mudzi uliwonse m'Malawi muno. Funsolo ndi ili: mpingo ukaona mwana wamasiye, kapena mwana amene makolo ake alephera kumusamala, uyenera kumuthandiza motani? Kodi umutenge ukamulere pamishoni, kapena umuthandize ali pakati pa abale ake? Akhristu a ku Zomba akhala akulimbana ndi funso limeneli kwa zaka zoposa 160, ndipo zimene adaziona zingatipatse nzeru tonsefe.

Choyamba tiwadziwe ana amene tikunenawa. Munthu wokwera phiri la Zomba m'mawa amakumana ndi ana akutsika atasenza mitolo ya nkhuni, ndipo m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe amaona ena akugulitsa zipatso ndi miyala yonyezimira kwa alendo. Pamsika wa m'tauni pali ana onyamulira anthu katundu. Chakum'mawa, kunyanja ya Chilwa, anyamata ena amasiya sukulu nkukathandiza asodzi a matemba, namagona m'zimbowera, timisasa toyandama pamadzi tija. Si onse ana amenewa amene ali amasiye. Ambiri ali ndi kwawo, ali ndi mayi kapena agogo, koma chimene chawatulutsa m'nyumba ndi umphawi. Nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga idachitira mu 1968 ndi 1995, kapena ikachepa kwambiri monga mu 2012 ndi 2018, mabanja a asodzi amasowa pogwira, ndipo woyamba kumva njala ndi mwana.

Tsono tibwerere kale. Mishoni yoyamba kukhazikika m'dziko muno idayamba ndi ana osowa kwawo. M'mwezi wa July 1861, Dr David Livingstone, amene adali kutsogolera Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA, adakumana ndi gulu la akapolo pamudzi wa Mbame. Adawamasula anthu 84, ndipo ambiri a iwo adali amayi ndi ana. Bishopuyo adawatenga nakamanga nawo mudzi pa Magomero, m'mphepete mwa mtsinje wa Namadzi, kumalire a Zomba ndi Chiradzulu. Cholinga chake chidali chabwino zedi. Anawo adawapatsa chakudya, adawaphunzitsa kuwerenga, ndipo adawasamala monga akeake.

Koma mudziwo sudakhalitse. Amishoni adalowerera nkhondo za pakati pa Amang'anja ndi Ayao asanamvetse bwino gwero lake. Pamudzipo padadzaza anthu, chakudya chidachepa, ndipo matenda a kamwazi adapha ana ambiri. Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 January 1862. Miyezi yochepa pambuyo pake amishoni adasamukira kuchigwa cha Shire, ndipo pofika 1864 mishoniyo idachoka m'dziko muno nkupita ku Zanzibar. Ena mwa ana otsala adawatengera ku Cape Town. Mmodzi wa anyamata omasulidwa m'chaka chija cha 1861, dzina lake Chuma, adatsagana ndi Livingstone, ndipo ndi iye pamodzi ndi Susi amene adatsogolera ulendo wonyamula mtembo wake mu 1873. Motero ana ena adapulumukadi, koma moyo wawo wonse udadalira alendo, ndipo alendowo atachoka padalibe mbumba yowalandira.

Amishoni a Church of Scotland adafika ku Blantyre mu 1876, ndipo posakhalitsa adatsegula malo ena m'tsinde mwa phiri la Zomba. Iwonso adayamba ndi kulandira akapolo othawa ndi ana opanda mwini, nadziika okha ngati mafumu oweruza milandu. Mu 1880 mbiri ya zilango zankhanza zimene zinkaperekedwa pamishoni ya Blantyre idamveka ku Britain, ndipo chaka chotsatira atsogoleri ake adachotsedwa. Amene adalowa m'malo, Mbusa David Clement Scott, adatenga njira ina. Iye adaphunzira chinenero ndi miyambo ya eni dziko, ndipo mu 1892 adasindikiza buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja. Mnzake, Mbusa Alexander Hetherwick, adatsegula mishoni ya Domasi mu 1884 m'dera la mfumu Malemia, naphunzira Chiyao mpaka kulemba buku la malamulo ake. Mu 1911 mishoniyo idadzoza abusa ake oyamba achikuda, a Harry Matecheta ndi a Stephen Kundecha. Kuyambira pamenepo mpingo udasiya kukhala mpanda wothawirako, nusanduka chinthu cha m'midzi momwemo, chokhala ndi akuluampingo, aphunzitsi ndi amayi a Mvano amene ankadziwa nyumba iliyonse.

Kodi m'midzimo amishoni adapezamo chiyani? Adapeza kuti eni dziko adali nalo kale dongosolo lolerera ana amasiye. Mitundu itatu ikuluikulu ya m'boma la Zomba, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, yonse imatsata mtundu kuchikazi. Mwana ndi wa mbumba ya mayi wake. Mlongo wa mayiyo, amene timati malume kapena atsibweni, ndiye mwini mbumba, ndipo achemwali a mayiyo mwana amawaitana kuti amayi aang'ono kapena amayi aakulu. Mayi akamwalira, mwana sasamuka kupita kwa alendo. Amangolowa m'nyumba ina ya pabwalo lomwelo. Munda wa mayi wake umakhala ukumudikira. Manda a makolo ake ali pomwepo. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'midzi ya chikamwini mawuwa adali lamulo lenileni.

Dongosolo limeneli lidayesedwa koopsa pamene kudabwera matenda a Edzi. Munthu woyamba kupezeka ndi kachilomboka m'Malawi adapezeka mu 1985, ndipo mankhwala aulere otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mu 2004. M'zaka za pakati pamenepo mudamwalira anthu a msinkhu wobereka ndi wolima, amayi aang'ono ndi amalume omwe aja amene akadalandira anawo. Cha m'ma 2005 boma linkawerengera ana amasiye pafupifupi miliyoni imodzi. Agogo okalamba adatsala ndi zidzukulu zodzaza nyumba, ndipo m'nyumba zina mwana wamkulu ndiye adasanduka kholo la azing'ono ake.

Anthu ambiri achifundo, a kuno ndi a kunja, adaganiza kuti yankho ndi kumanga nyumba zosungiramo ana amasiye. Koma kale mu 1992 boma la Malawi lidatulutsa ndondomeko yonena kuti mwana wamasiye aleredwe ndi abale ake mothandizidwa ndi mudzi, ndi kuti nyumba zosungiramo ana zikhale njira yomalizira zina zonse zikakanika. Zifukwa zake nzomveka. Mwana wamng'ono amafuna munthu mmodzi amene angamudziwe ndi kumukhulupirira, pamene m'nyumba yosungiramo ana olera amasinthanasinthana. Ku Romania, akatswiri amene adayamba kafukufuku m'chaka cha 2000 adapeza kuti ana amene adachotsedwa m'nyumba zotere akadali aang'ono nkupatsidwa mabanja adakula bwino m'thupi ndi m'nzeru koposa anzawo amene adatsalira. Kuno kwathu pali chifukwa chinanso. Mwana wokulira kutali ndi mbumba amabwerako ali wamkulu, osadziwa kugwira khasu, osadziwa malire a munda wa mayi wake, ndipo kawirikawiri amapeza mundawo ena adalima kale. Ndiponso ndalama zolerera mwana mmodzi m'nyumba yotere zingathe kuthandiza ana angapo ali kwawo. Nchifukwa chake mu 2009 bungwe la United Nations lidagwirizana kuti umphawi wokha usakhale chifukwa chochotsera mwana kwa abale ake.

Nanga mpingo utani? Ntchito ilipo yambiri, ndipo yayikulu imachitika mwakachetechete. Amayi a Mvano a mpingo wa CCAP, amayi a mpingo wa Anglican a ku Malosa, amayi a Dorika, ndi Akatolika a m'miphakati ya dayosizi ya Zomba, amene adakhala dayosizi yoima payokha mu 1959, ndiwo adanyamula katundu wolemera m'zaka zija za maliro. Ankayendera odwala m'makomo, kuwasambitsa, kuwatungira madzi, ndipo wodwalayo akatisiya ankadziwa kale ana amene atsala ndi m'bale amene angawatenge. Zipatala za mishoni, monga cha St Luke's ku Malosa ndi cha Pirimiti, zakhala zikulandira ana onyentchera ndi amayi oyembekezera a kumidzi yakutali ndi tauni.

Chitsanzo china ndi phala. Ufa wosakaniza chimanga ndi soya umene timautcha Likuni Phala udatenga dzina lake kumishoni ya Chikatolika ya Likuni ku Lilongwe. Mu 2002, chaka cha njala yoopsa, Mkatolika wa ku Scotland, Magnus MacFarlane-Barrow, adayambitsa m'Malawi muno ntchito ya Mary's Meals, nayamba ndi ana 200. Ntchitoyo idakula mpaka kudyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'sukulu za dziko lino. Taonani nzeru yake: ufa umachokera kwa opereka, koma nkhuni, madzi ndi manja ophika nza amayi a m'mudzimo. Mwana amamwa phala kusukulu, masana nkubwerera kwa agogo ake. Palibe amene wamuchotsa kwawo. Sukulu za mkombaphala zimene zimakumana m'matchalitchi ambiri m'kati mwa sabata zimayenda mwa njira yomweyo. Mwana wamasiye amasewera ndi kudya pamodzi ndi wa makolo, popanda womuloza chala, ndipo agogo amapeza mpata wopita kumunda.

Komabe tisanamizane, omvera, kuti kwa abale nkwabwino nthawi zonse. Alipo achibale amene amalanda ziwiya, mbuzi ndi malata a nyumba maliro asanathe nkomwe. Alipo amene amasandutsa mwana wamasiye wantchito, ana awo ali kusukulu. Alipo amene amakwatitsa mtsikana wamng'ono kuti pakhomo pachepe pakamwa. Zonsezi malamulo a dziko lino amaletsa. Lamulo losamala ndi kuteteza ana lidakhazikitsidwa mu 2010. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lidati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sayenera kulowa m'banja. Pamenepa mpingo uli ndi mphamvu imene ofesi ya boma ilibe, pakuti mkuluwampingo amakhala pamaliro pamene katundu akugawidwa, ndipo mayi wa Mvano amaona mwana amene wasiya kubwera ku Sande sukulu. Akaona nkhanza asabise poopa kuchititsa manyazi mpingo kapena banja. Akanene kwa mfumu, kupolisi, kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kapena aimbe nambala yaulere ya 116. Ndipo pamene mwana ali pangozi, kapena khanda latsala mayi atamwalira pobereka, nyumba yolerera ana ili ndi ntchito yake. Koma ikhale ngati chipatala, kumene munthu amagonako kuti achire nkubwerera kwawo.

Pali chinthu chinanso chimene Zomba ikutiphunzitsa. M'bomali Akhristu ndi Asilamu amakhala mudzi umodzi, makamaka kumadera a Malemia ndi Kuntumanje. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zidali za mishoni, ndipo makolo ambiri Achisilamu sankatumizako ana awo poopa kuti akawabatiza. Zotsatira zake, ana a m'madera amenewo adatsalira pamaphunziro kwa zaka zambiri. Phunziro lake nlakuti thandizo lokhala ndi mbedza m'kati limathawitsa amene akulifuna koposa. Mpingo wothandiza mwana usamufunse kumene amapemphera, usamusinthe dzina, ndipo usanyoze chinenero kapena mwambo wa makolo ake. Ukafuna kuyamba ntchito m'mudzi, uyambe wakaonekera kwa mfumu, ukambirane ndi eni mbumba, ndiponso ndi ashehe ngati alipo. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba m'maboma a kummwera mu March 2023, matchalitchi, mizikiti ndi sukulu zidasunga anthu mosasankha. Mtima umenewo ndi wofunika ngakhale mvula itakata.

Tsono kwa inu abusa, ansembe, akuluampingo ndi amayi a mabungwe amene mukumvera, ntchitoyi siyamba ndi njerwa. Iyamba ndi kuwerenga nyumba za m'dera lanu zimene muli ana oleredwa ndi agogo kapena ndi ana anzawo. Ikatero, mufunse chimene chikusowa panyumbapo. Mwina ndi udzu wofolera denga, mwina mbewu, mwina yunifolomu ndi makope, mwina fizi ya kusekondale. Mwina ndi munthu woperekeza agogowo kukalembetsa ku Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama la boma limene lidayambira ku Mchinji mu 2006. Achinyamata a mumpingo angalime munda wa agogowo tsiku limodzi. Kwaya ingaumbe njerwa. Mphakati ungasinthane kuyendera nyumbayo sabata ndi sabata. Mutu umodzi susenza denga.

Bishopu Mackenzie adawakonda ana a pa Magomero mpaka kutaya moyo wake m'dziko lachilendo, ndipo tiyenera kumukumbukira mwaulemu. Koma ana aja adalibe mbumba, pakuti ukapolo udawalanda abale awo onse. Ana athu a lero mbumba ali nayo, ingakhale yotopa ndi yosauka. Mpingo ukailimbitsa, mwana adzakhala ndi kwawo ngakhale opereka thandizo atabwerera kwawo.